Mutu 4: Kunenepa kwa Doreen

1. Khonde

Tawina anali atazira theka la khonde pamene Zakia anatulukira pampanda akupuma mwawefuwefu, nsapato zili m'manja.

Chinkhoswe cha Doreen, mkulu wake wa Tawina, chinali pafupi. Amayi awo anali atalamula kuti nyumba yonse iziridwe, mkati ndi kunja, kuti alendo ochokera ku Chileka asadzapeze chonena. Sukulu inali itatsekera, choncho ntchitoyo inagwera Tawina. Mtsiro anakautapa yekha kudambo n'kuusenza m'ndowa.

Zakia ankagulitsa tomato m'mbali mwa msewu pa Lirangwe, pafupi ndi pamene Doreen ankakhala ndi beseni lake la mandasi. Tsikulo sanapereke ndi moni womwe. Anangoti Doreen wagwa. Ankapatsira mandasi munthu wa m'minibasi pawindo, kenako miyendo inangoti lobodo, iye n'kugwera pabeseni. Anthu amunyamula panjinga kupita naye kuchipatala.

Amayi anatuluka m'nyumba akumanga mpango kumutu. Sanalire. Anafunsa ngati mwanayo anasanzanso asanagwe, ndipo Zakia anati inde, anasanza kuseri kwa golosale.

"Ndinadziwa ine," anatero amayi. "Iwe, samba m'manja. Tiye."

Tawina anasamba mothamanga. Ndowa ya mtsiro anaisiya padzuwa osavundikira.

2. Matupi atatu

Pakhomo pamenepo panali anthu atatu onenepa, koma aliyense kunenepako kunamupeza pa nthawi yakeyake.

Amayi anali ochepa thupi pa utsikana wawo. Thupi linabwera atabereka Tawina, n'kumawonjezeka chaka ndi chaka, makamaka atasiya munda wa kutali n'kuyamba kuswera pa makina osokera.

Tawina anabadwa nalo. Ali wakhanda, kusikelo anamwino ankamuonetsa kwa amayi ena ngati chitsanzo, ndipo aliyense ankafuna kumunyamula. Atafika Sitandade 3, kuyamikira kuja kunatha. Anzake anamupatsa dzina loti Matumba, ndipo makondakitala ankamuuza kuti akhale pakati kuopa kuti minibasi ingapendekeke. Tsopano ali Fomu 3, anali atayamba kudzimana chakudya. M'mawa ankamwa madzi a mandimu basi, masana n'kunama kuti wadya kale. Madzulo njala inkamugonjetsa, n'kudya mandasi onse otsala ali chiimire. Thupi silinasinthe.

Doreen ndiye anali woonda chibadwire, ngati malemu bambo awo. Anagwirako ntchito ya m'nyumba ku Ndirande n'kubwerera kumudzi. Zinali zaka zimene maliro anali ochuluka, ndipo mtsikana wochokera m'tauni ali woonda sankafunika kudwala kuti anthu amunene. Ackim, mnyamata wowotcherera zitsulo ku Chileka, anamufunsira. Koma Mildred, chemwali wake wamkulu wa Ackim, atabwera kudzaona mkaziyo, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena pamaso pa anthu kuti kwawo maliro awakwana, sakufuna kutenga mkazi woti adzamugulire bokosi.

Doreen anakayezetsa magazi ndipo anamupeza alibe kachilombo. Koma zimenezo munthu sayenda akulengeza pamsika. Pasanapite nthawi anayamba kunenepa. Nkhope inazungulira, mimba inatuluka, madiresi anayamba kumuthina. Mildred anasangalala. Amayi anayamika Mulungu ndi mandasi.

Chimene chinkamunenepetsa ankachidziwa ndi Tawina yekha, poti ankagona chipinda chimodzi. Tinali timapiritsi toyera ting'onoting'ono, tokulungidwa m'kapepala ka shuga n'kubisidwa m'nsapato yakale. Doreen ankatigula kwa bambo wina woyenda ndi chikwama tsiku la msika, ndipo ankamwa tsiku lililonse kuyambira nthawi yokolola ya chaka chatha. Anamulumbiritsa mng'ono wakeyo kuti akadzauza munthu, ubale udzathera pomwepo.

Tawina ankaonanso zimene anthu a pamsika sankaona. Miyendo ya Doreen inkaonda pamene mimba ikukula. Pamimbapo panali mizere ngati khungu likufuna kung'ambika. Kumbuyo kwa khosi kunatuluka kanyama ngati linunda la ng'ombe. Akakhala pamphasa, podzuka ankayamba wagwira khoma. Tawina anamuchonderera kuti asiye. Doreen anati adzasiya chinkhoswe chikapita.

"Iwe sungamve," anatero. "Thupi unalipeza laulere. Langali n'logula."

Mawu amenewo anamuwawa Tawina kuposa dzina la Matumba. Lamulungu, Doreen ali kukwaya, anatenga kapepala konse n'kukaponya m'chimbudzi. Sanafunse munthu. Doreen anasanthula chipinda chonse osapeza kanthu, ndipo sakanatha kufunsa mokweza. Bambo wa chikwama uja anali asanaonekenso pamsika. Kuyambira tsiku limenelo awiriwo sankalankhulana. Patangopita masiku ochepa, Doreen anayamba kusanza ndi kuchita chizungulire.

3. Panjira

Zakia anatsogola kukayang'ana tomato wake. Amayi ankayenda patsogolo pa Tawina, ndipo ankalankhula osatembenuka.

"Undimvere bwino, poti lero ndi mkulu wako, mawa ndi iwe. Ine ndabereka, kusanza kotere ndimakudziwa. Mimba ija ndakhala ndikuiona, ndimangodikira kuti mwiniwake anene. Mwamuna akakufunsira sikuti wakukwatira. Ankhoswe asanakhale pansi n'kumvana, ameneyo ndi mlendo ngati mlendo wina aliyense. Lero anthu a ku Chileka akamva kuti mtsikana ali ndi pakati, ayamba kuwerenga miyezi, ndipo mlamu wake uja amawerenga kuposa aphunzitsi ako a masamu. Akangoti mimbayi si yathu, adzalere mwanayo ndani? Ndine. Maso anga atha ndi singano, msana watha. Sindinakulereni kuti muzindibweretsera ntchito. Ndipo china n'chakuti m'nyumba mwanga musamandibisire kanthu. Chobisa chimaola, chikaola chimanunkha, ndiye oyamba kumva fungo amakhala anthu a kunja, mwini nyumba ali phee."

Tawina anayankha kuti wamva.

4. Funso la a Sikina

Chipatalacho chinali chaching'ono. Amene anali pa ntchito tsikulo anali a Sikina, namwino wachikulire amene anayeza ana awiri onsewo kusikelo ali makanda. Doreen anamugoneka m'chipinda choyamba, chitseko chili chosatseka, moti azimayi amene ankadikira pabenchi ankaona zonse. Anali atamuika diripi. Milomo inali itauma, maso akutseguka pang'ono n'kutsekekanso.

Amayi sanazungulire. Anafunsa monong'ona kuti mimbayo ndi ya miyezi ingati. A Sikina anati mimba palibe, ayeza. Malungonso palibe. Chimene chinalipo n'chakuti magazi ankayenda mofooka kwambiri, ndipo diripi inkalowa koma osasintha kanthu. Ambulansi inali itapita cha ku Mdeka kukatenga mayi wovutika pobereka, ndipo panalibe wodziwa nthawi imene ibwere.

Amayi anakhala pampando. Zonse zimene analankhula panjira zinali zitapita pachabe.

A Sikina anafunsa ngati mtsikanayo amamwa mankhwala alionse, a kuchipatala, a kwa asing'anga kapena ogula pamsika. Amayi anati ayi, m'nyumba mwawo mulibe zimenezo, ndi mankhwala a mutu omwe amasunga ndi iwo.

"Ndikufunsanso," anatero a Sikina, maso ali pa Tawina. "Mwana uyu akupita. Ndikapanda kudziwa chimene chamugwetsa, ndizingomuthira madzi mpaka madzulo, ndipo sindikudziwa ngati afike madzulowo."

Doreen anali atatsegula maso. Anamuyang'ana mng'ono wake n'kupukusa mutu pang'ono pokha. Pabenchi paja anthu anali atasiya kucheza.

Tawina anayang'ana pansi. Kenako analankhula, ndipo mawu anatuluka okwera kuposa mmene ankafunira.

"Amamwa timapiritsi tonenepetsa. Anayamba chaka chatha. Ndinatitaya m'chimbudzi Lamulungu."

A Sikina sanakalipe. Anafunsa maonekedwe a timapiritsito ndi amene ankatigulitsa. Anamutembenuza Doreen n'kugwira kumbuyo kwa khosi, anakweza bulauzi n'kuona mizere ija. Kenako anatseka chitseko, anatsegula kabati, anasakaniza mankhwala m'kabotolo n'kumubaya mumtsempha. Anauza onse kuti akhale chete.

Anadikira. Kunja mwana wina ankalira, minibasi zinkaliza mahutala pamsewu. A Sikina atayezanso, anapumira m'mwamba n'kunena kuti magazi ayamba kuyenda bwinoko.

5. Kunenepa si kumodzi

A Sikina anakhala m'mphepete mwa bedi lina n'kuvula magalasi. Anati alankhula kamodzi, ndipo onse atatu amve, ndi wodwala yemwe.

"M'thupi mwathu muli timadzi timene timanyamula uthenga kuchoka ku chiwalo china kupita ku china. Timadzi timeneti timati mahomoni. Pamwamba pa impso pali tiziwalo tiwiri timene timapanga ena mwa iwo, amene amagwira munthu kuti asagwe. Amasunga mphamvu ya magazi ndi shuga wa m'thupi. Tiziwalo timeneti sitidziyendera tokha, timadikira kuti ubongo utitume. Timapiritsi tija si tonenepetsa ayi. Ndi mankhwala amphamvu a matenda ena, monga mphumu yovuta, ndipo amafanana ndi mahomoni amenewa. Munthu akamamwa miyezi yambiri, ubongo umaona kuti alipo kale ochuluka, umasiya kutuma, tiziwalo tija n'kugona. Tsiku limene wasiya mwadzidzidzi, m'thupi mumakhala mulibe a pamsika, mulibenso akeake. Ndi zimene mwaonazi. Mankhwala amenewa sasiyidwa tsiku limodzi. Amachepetsedwa pang'onopang'ono, dokotala akuyang'anira, mpaka tiziwalo tija tidzuke.

"Doreen, chimene unagulachi si thanzi. Ndi mafuta osonkhana pamimba ndi kumaso, pamene nyama ya m'miyendo ikusungunuka. Ukanapitiriza, matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi zinali panjira. Anthu a pabenchi ukhoza kuwanamiza ndi masaya, koma impso sizinamizika. Ndipo iwe Tawina, unaona bwino kuti m'bale wako akuonongeka. Walankhulanso nthawi isanathe. Koma safunsa anadya phula. Mankhwala si kachasu woti ungokhuthula pansi, mwini n'kudzuka mawa ali bwino."

Amayi anatembenukira Tawina n'kumufunsa chifukwa chake sanabwere kwa iwo poyamba pomwe. A Sikina anawafunsa kuti mwanayo akanawauza, iwo akanatani.

Amayi anaganiza pang'ono.

"Ndikanataya m'chimbudzi," anatero.

A Sikina anavalanso magalasi. Anati ndiye nkhani yake imeneyo.

Amayi sanakonde kukhalitsa pa nkhani imene yawagonjetsa. Analoza Tawina n'kunena kuti popeza lero ndi tsiku loulula, awauzenso za uyu, wonenepa wopanda mapiritsi, amene amamwa mandimu m'mawa n'kumayesa kuti mayi ake saona. Tawina anachita manyazi. Sankadziwa kuti zimenezo zimadziwika.

"Kunenepa si kumodzi," anatero a Sikina. "Kwanuko, mayi, kwabwera ndi ukulu: kubereka, kukhala pa makina tsiku lonse, shuga wa mu tiyi. Mukachepetsa shugayo n'kumayendako, thupi likhoza kukumverani. Uyu ndi nkhani ina, ndinamupachika ndekha pasikelo. Mu ubongo muli malo amene amayang'anira njala ndi kukhuta, ndipo mafuta a m'thupi amatumizako uthenga wawo. Mwana amene wanenepa kuyambira ali wamng'ono, kawirikawiri malo amenewo amakula atazolowera kuti thupi lalikulu ndiye loyenera. Akadzimana chakudya, ubongo umayesa kuti m'dziko mwagwa njala. Umamukalipira kuti adye, ndipo chilichonse chimene chalowa thupi limachisunga. N'chifukwa chake amagonja madzulo. Si umbombo, si ulesi.

"Tawina, uzidya m'mawa, uzidya masana. Ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke, mandasi achepe, ndipo uziyenda. Ubongo umene unaphunzira zaka zonsezi suiwala msanga, ndiye usayembekeze zodabwitsa. Mwina sudzaonda ngati mmene analili mkulu wakoyu, koma udzakhala wamphamvu. Bambo wa chikwama ujatu ali ndi thumba lina la timapiritsi toondetsa. Akadzakuitana, udzakumbukire bedi ili."

Ambulansi inafika dzuwa litapendeka. A Sikina anati Doreen apite kuchipatala chachikulu m'tauni, kumene akamuyeze bwino n'kumuikira ndondomeko yochepetsera mankhwalawo. Ngozi yaikulu inali itadutsa, koma kuchira kunali kwa miyezi.

Pomutulutsa, Tawina anavula chitenje chake kuti amufunditse miyendo. Doreen anali maso tsopano. Sanamuyang'ane.

"Wakondwa?" anafunsa motsitsa.

Tawina anayang'ana kunja. Pabenchi paja panali patatsala malo a anthu awiri, ndipo eni malowo anali kale panjira ya kumsika ndi nkhaniyo.

Amayi anakwera n'kukhala pafupi ndi wodwala. Chitseko chisanatsekedwe anamuitana Tawina. Anamuuza kuti atsekere nkhuku, asasiye makina osokera panja, ndipo amalize khonde.

"Chinkhoswe sindinachiimitse. Wina akafunsa, ndi malungo. Wamva? Malungo."

6. Mlendo

Tawina anapeza mtsiro utauma pamwamba ngati chikhokho. Mbali imene anazira m'mawa inali itagwira, ndipo pamene anasiyira panatsala mzere wokhotakhota.

Asanagwire ntchito analowa m'khitchini n'kutenga mbatata yozizira ya dzulo. Anaidya atakhala pansi, dzuwa likadalipo, pang'onopang'ono. Kenako anathira madzi m'ndowa, anakanda mtsiro mpaka unafewa, n'kugwada pamzere paja.

Anali atazira pang'ono pokha pamene anamva odi pampanda. Anali Mildred, atanyamula jumbo ya nsalu imene amayi anayenera kusokera akuchimuna. Tawina anamulonjera mwaulemu n'kunena kuti akatenge mphasa. Mildred anati asavutike. Anakhala pa mbali youma ya khonde, jumbo n'kuiika pamwendo.

Anafunsa za kusukulu. Anayamikira mtsiro kuti ndi wakuda bwino, n'kufunsa dambo limene anautapa. Tawina anayankha zonse. Kenako Mildred anasiya zozungulira.

"Ndangotsika pasiteji ndamva nkhani zitatu, mlamu. Ena akuti mimba. Ena akuti matenda aja. Ena akuti mapiritsi, koma sakudziwa kuti mapiritsi a chiyani. Ackim sanamvebe. Mawa ankhoswe athu akukumana, ndipo ine sindibwerera ku Chileka ndi nkhani zitatu. Iwe umagona naye chipinda chimodzi, ndipo ndamva kuti lero unalankhula anthu onse akumva. Lankhulanso."

Tawina anapisa dzanja m'ndowa, anatapa mtsiro n'kuupaka pansi. Khonde linali likadali lalitali. Mildred anavula nsapato, anaziika pambali, n'kutambasula miyendo kudikira yankho.